Epifania: tsiku lomwe alendo analowa m'nyumba

Khrisimasi ikangodutsa ambirife timangoti basi zatha, zokongoletsa tapakira mu katoni, maganizo ali kale pa chaka chatsopano. Koma pa kalendala ya mpingo nkhani imakhala ikadalipo. Mukawerenga masiku 12 kuchoka pa 25 Disembala mufika pa 6 Januwale, ndipo limeneli ndiye tsiku la Epifania, ena amati Kuonekera kwa Ambuye, ena amangoti tsiku la Mafumu Atatu. M'maiko ambiri Akatolika analisunthira ku Lamulungu lomwe lagwa pakati pa 2 ndi 8 Januwale kuti anthu azipeza mpata obwera ku tchalitchi, nde musadabwe mukaona kuti chaka china lili pa 3 chaka china pa 7. Ine chimene chimandiwawa nchakuti chikondwererochi timachitenga ngati makombo a Khrisimasi, pomwe kwa munthu aliyense amene sanabadwe Myuda ili ndi tsiku lokamba za iyeyo mwachindunji. Pa Khrisimasi timakumbukira zoti mwana wabadwa. Pa Epifania funso limakhala lakuti kodi mwanayu wabadwira ndani, ndipo yankho lake silinali lachidziwikire mmene timaganizira ife lero, anthu anakangana nalo zaka zambiri, ena mpaka kumangidwa.

Nkhaniyo imapezeka pa Mateyu 2:1-12 basi, kwa Maliko, Luka ndi Yohane kulibe. Yesu atabadwa ku Betelehemu nthawi ya mfumu Herode, ku Yerusalemu kunafika anthu ochokera kum'mawa nkumafunsa kuti mfumu ya Ayuda yabadwayo ili kuti, poti iwo anaona nyenyezi yake ndipo abwera kudzaigwadira. Herode atamva anatekeseka, mzinda onse naonso. Anaitanitsa akulu a ansembe ndi alembi nkuwafunsa kuti Mesiya adzabadwira kuti, iwo anati ku Betelehemu, mneneri Mika ananena kale. Kenako anawaitanira alendo aja pambali, kuwafunsa bwinobwino nthawi yomwe nyenyezi inaonekera, nkuwauza kuti pitani, mukamupeza mudzandiuze kuti nanenso ndikamugwadire. Ananyamuka, nyenyezi ija inawatsogolera mpaka pomwe panali mwanayo, analowa m'nyumba, anamupeza ali ndi amayi ake Maria, anagwada pansi nkutsegula chuma chawo, golide, lubani ndi mure. Atachenjezedwa kumaloto anabwerera kwawo podzera njira ina.

Mukawerenga modekha muona kuti zambiri zomwe timaziona pa makhadi ndi m'masewero a ana mulibemo. Mateyu sananene kuti anali atatu, zitatu ndi mphatsozo. Sananene kuti anali mafumu, maina awo mulibe, ngamira mulibe, olo khola lenilenilo mulibe chifukwa iye akuti m'nyumba. Abusa aja ndi a kwa Luka, palibe vesi yomwe ikuwakumanitsa ndi alendowa usiku umodzi. Ndipo poti Herode pambuyo pake analamula kupha ana aamuna a zaka ziwiri kutsika pansi, potengera nthawi yomwe anamva kwa alendowo, zikuonetsa kuti panali patapita kanthawi ndithu chibadwire mwanayo.

Nanga anali ndani? Mateyu akuwatchula kuti amagi, mabaibulo ena amati anzeru a kum'mawa, ena amati akatswiri a nyenyezi. Poyambirira amagi anali ansembe a ku Persia, komwe lero ndi Iran, anthu odziwa kumasulira maloto ndi kuwerenga zakuthambo, ndipo pofika nthawi ya Yesu dzinali linkaperekedwanso kwa aliyense ochita zoterezi, ngakhale amatsenga. Mu Chipangano Chatsopano momwemo, Simoni wa pa Machitidwe 8 uja ankachita ntchito imeneyi, Elima wa pa Machitidwe 13 amene Paulo anamudzudzula mpaka kuchita khungu akutchulidwa ndi dzina lomweli. Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza, Yesaya 47 amawanyoza oyang'ana nyenyezi a ku Babulo kuti sangapulumutse munthu. Nde taganizani Myuda wa nthawi imeneyo akumva koyamba nkhaniyi. Oyamba kugwadira Mesiya wa Israeli m'buku la Mateyu ndi anthu akunja, osadulidwa, osadziwa Malamulo a Mose, a ntchito yokaikitsa. Ife tinawazolowera atavala zisoti zachifumu nde sitidzidzimuka nazo, koma nkhaniyi inali yodzidzimutsa.

Za nyenyeziyo anthu alemba zambiri. Ena amati inali Jupiter ndi Saturn zomwe zinaoneka moyandikana katatu mu 7 BC, zomwe katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anaziwerengera m'zaka za m'ma 1600, ena amaloza chinthu chowala chomwe akatswiri a ku China analemba kuti chinaoneka mu 5 BC. Madeti amenewa asakusokonezeni, amene anakonza kawerengedwe ka zaka komwe tikugwiritsa ntchitoka, Dionysius Exiguus mu 525, anaphonya pang'ono, poti Herode anamwalira mu 4 BC ndiye kuti Yesu anali atabadwa kale. John Chrysostom, mlaliki wa kumapeto kwa zaka za m'ma 300, ankati iyi sinali nyenyezi wamba chifukwa nyenyezi wamba ili kutali kwambiri, siingakulozere nyumba imodzi.

Ine pomwe pamandigwira mtima ndi apa. Nyenyezi inawadzutsa kwawo koma adilesi sinawapatse. Analunjika ku likulu, poti mwa nzeru za munthu mfumu imabadwira kunyumba yachifumu, nkupeza kuti aphonya, ndipo kuti amve dzina loti Betelehemu panafunika Malemba a Ayuda. Mulungu anawayankhula m'chinthu chomwe iwo ankachidziwa, thambo, koma sanawasiye pomwepo, anawafikitsa kwa aneneri. Mbali inayo nayo ndi yoopsa. Akulu a ansembe ndi alembi aja anayankha molondola, vesi yake yeniyeni, koma Mateyu sakutiuza kuti panapezeka olo mmodzi onyamuka kupita nawo, chonsecho Betelehemu ali pa mtunda osakwana makilomita 10 kum'mwera kwa Yerusalemu, ulendo wa maola awiri wapansi. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, polalikira pa tsikuli anawayerekeza ndi miyala ya m'mbali mwa msewu yomwe imalozera apaulendo njira koma iyo osasuntha. Ndipo abale, masiku ano amene ali ndi Malemba m'manja ndife, ambirife mpaka pa foni, nde chenjezo limeneli lili pa ife, tisaliponyere kwa ena.

Herode naye mumvetseni. Banja lake linali lochokera ku Idumea, ufumu anachita kupatsidwa ndi Aroma mu 40 BC, ndipo Yerusalemu anachita kumulanda ndi nkhondo mu 37 BC. Munthu otere akamva alendo akufunsa za mwana amene wabadwa ali mfumu, mtima sungakhale pansi. Olemba mbiri wachiyuda Josephus akutiuza kuti Herode anapha mkazi wake Mariamne ndi ana ake aamuna atatu powakaikira kuti akufuna mpando wake. Kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu kunalembedwa ndi Mateyu yekha, koma kukugwirizana ndi khalidwe la munthuyo. Chikondwerero chokongolachi chili ndi magazi m'mbali mwake, ndipo mwana amene anthu akunja angomugwadira kumeneyu akuthawira kunja komweko, ku Ejipito, ngati othawa kwawo.

Tsono zoti mafumu atatu zinachokera kuti? Akhristu oyamba ankawerenga nkhaniyi Chipangano Chakale chili pambali. Salimo 72 imakamba za mafumu a ku Tarisisi, Sheba ndi Seba akubwera ndi mphatso, mafumu onse akugwada. Yesaya 60 amakamba za mitundu ya anthu ikubwera ku kuwala kwa Yerusalemu, mafumu, ngamira zambirimbiri, golide ndi lubani. Mavesi awiriwa mpaka lero amawerengedwa pa tsikuli, ndipo zisoti ndi ngamira zija zinachokera mmenemo. Tertullian wa ku Carthage cha m'ma 200 ananena kale kuti kum'mawa amagi ankatengedwa pafupifupi ngati mafumu, Origen wa ku Alexandria anawawerenga atatu potengera mphatso, pomwe Akhristu a ku Syria ankati analipo 12. Maina oti Caspar, Melchior ndi Balthasar anayamba kumveka patapita zaka pafupifupi 500. Kenako ojambula anayamba kuwaonetsa mmodzi mnyamata, wina wa zaka zapakati, wina nkhalamba, komanso oimira zigawo zitatu za dziko zomwe anthu a ku Ulaya ankazidziwa nthawi imeneyo, Africa, Asia ndi Ulaya, nchifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1400 mumapeza Balthasar atajambulidwa ali munthu wakuda. Izi si mbiri yoti mungaitsimikize ndi vesi, komabe ine sindizinyoza, ojambulawo anaimva nkhani, ankafuna kuti aliyense akayang'ana chithunzicho adzipezemo. Ku Cologne ku Germany kuli bokosi lagolide lomwe amati muli mafupa awo, anabwera nawo kuchokera ku Milan mu 1164, ndipo tchalitchi chachikulu cha mumzindawo chinayamba kumangidwa mu 1248 kuti mukhale bokosi limeneli.

Mphatso zija nazo zinamasuliridwa kalekale. Irenaeus cha m'ma 180 anati golide ndi wa mfumu, lubani ndi wa Mulungu, mure ndi wa munthu amene adzafe nkuikidwa m'manda. Lubani ndi utomoni wa mtengo wa kum'mwera kwa Arabia ndi ku Somalia, amatema khungwa, utomoni oyera umatuluka nkuuma kukhala timibulu tolimba, ndipo mukaponya kamodzi pa khala lamoto kamayamba kusungunuka nkutulutsa utsi wonunkhira omwe ansembe ankafukiza m'Kachisi. Mure nawo ndi utomoni wa mtengo, koma owawa, ankadzozera mitembo. Onani bwino, Yesaya 60 watchula golide ndi lubani basi, mure mulibe, wabwera kwa Mateyu. Ndipo mure timakumana nawonso kumapeto, pa Maliko 15 akumupatsa Yesu vinyo osakaniza ndi mure pa Gologota, pa Yohane 19 Nikodemo akubwera nawo kudzakonza thupi. Ngakhale mawu oti mfumu ya Ayuda, m'buku la Mateyu akachoka pakamwa pa amagi samvekanso mpaka mutu 27, pakamwa pa Pilato, pakamwa pa asilikali omunyoza, ndi pa chikwangwani cha pamtanda. Pomwepo mkulu wa asilikali a Chiroma ndi anzake, akunja enanso, akuvomereza kuti uyu analidi Mwana wa Mulungu.

Tsopano ku phata la nkhani. Kwa Myuda wa nthawi ya Yesu anthu a padziko anali magulu awiri, Israeli ndi mitundu ina, ndipo mitundu inayo ndife tonse otsalafe, kaya Mgiriki, kaya Mroma, kaya wa ku Africa, kaya wa ku India. Sikuti Chipangano Chakale chinatitaya ayi. Pa Genesis 12 Mulungu akumuuza Abrahamu kuti mwa iye mabanja onse a padziko adzadalitsidwa, Yesaya 49 akuti mtumiki wa Mulungu adzakhala kuwala kwa mitundu, Yesaya 56 akuti Kachisi adzatchedwa nyumba yopemphereramo anthu a mitundu yonse, buku lonse la Yona likukamba za mneneri amene anakwiya chifukwa Mulungu anachitira chifundo adani a ku Nineve. Lonjezo linalipo. Koma pa moyo wa tsiku ndi tsiku panali malire, mdulidwe, malamulo a zakudya, Sabata, ndipo tisafulumire kuweruza, malire amenewa ndi omwe anasunga mtundu waung'onowu kuti usamezedwe ndi Ababulo, Agiriki ndi Aroma omwe ankaulamulira motsatizana.

Malirewo anali ooneka ndi maso. Mu 1871 katswiri wa ku France Charles Clermont-Ganneau anapeza ku Yerusalemu mwala wa m'Kachisi wa Herode, olembedwa zilembo zikuluzikulu za Chigiriki kuti mlendo aliyense athe kuwerenga, ndipo uthenga wake ndi oti munthu wa mtundu wina asadutse kampanda kozungulira malo opatulika, ogwidwa atadutsa adzakhala wadziputira yekha imfa. Mwalawu lero uli mu myuziyamu ku Istanbul. Bwalo lakunja munthu wakunja ankaloledwa kuima, koma akafika pa kampandako basi, mapeto ake ndi pomwepo olo akonde Mulungu wa Israeli bwanji. Paulo anagwidwa m'Kachisi pa Machitidwe 21 chifukwa anthu ankaganiza kuti walowetsa Trofimo wa ku Efeso kudutsa malirewo, anatsala pang'ono kuphedwa. Nde mukamawerenga pa Aefeso 2 kuti Khristu anagwetsa khoma lolekanitsa, dziwani kuti omva ena ankatha kuliona khomalo m'maganizo mwawo.

Mateyu ulusi umenewu amaukoka buku lonse. Mu mndandanda wa makolo a Yesu waikamo Rahabu wa ku Yeriko, Rute wa ku Mowabu ndi mkazi wa Uriya Mhiti. Pa mutu 8 Yesu akuyamikira chikhulupiriro cha mkulu wa asilikali a Chiroma nkunena kuti ambiri adzachokera kum'mawa ndi kumadzulo kudzakhala pa phwando ndi Abrahamu, Isake ndi Yakobo. Koma Mateyu yemweyo sabisa mbali yovuta, pa mutu 10 Yesu akutuma ophunzira nkuwauza kuti asapite kwa anthu a mitundu ina, pa mutu 15 mayi wa Chikanani akuchita kulimbana naye kuti mwana wake achire. Mpaka pa mutu 28, atauka kwa akufa, mpamene akuti pitani kwa mitundu yonse. Buku layamba ndi akunja akubwera kwa Yesu, latha ndi ophunzira akutumidwa kwa akunja.

Olo atamva lamulo limenelo, ophunzirawo zinawavuta. Petro anachita kuona masomphenya katatu kuti avomere kulowa m'nyumba ya Korneliyo, msilikali wa Chiroma, ndipo atabwerera ku Yerusalemu abale anamuimba mlandu oti bwanji unakadya ndi anthu osadulidwa. Ku Antiokeya Petro yemweyo ankadya bwinobwino ndi Akhristu a mitundu ina, atangofika alendo ochokera ku Yerusalemu anayamba kudzipatula, Paulo anamudzudzula pamaso pa onse, nkhani ili pa Agalatiya 2. Funso linali lenileni, kodi munthu wakunja akakhulupirira Yesu akuyenera kuyamba wakhala Myuda, kudulidwa ndi kusunga malamulo onse a Mose? Msonkhano wa ku Yerusalemu wa pa Machitidwe 15, cha m'ma 49, unagamula kuti ayi. Chigamulo chimenechi tisachione chaching'ono. Chikanapita kwina, chikhristu chikanakhala kagulu ka mkati mwa chiyuda. Chifukwa cha chigamulochi munthu amabwera kwa Khristu ndi chilankhulo chake, ndi dzina lake, ndi nyimbo zake, ndipo Malemba amamasuliridwa m'chilankhulo chilichonse popanda onena kuti pemphero lenileni ndi la Chihebri chokha. Amagi aja anatsegula chuma cha kwawo, ndipo atatha kugwada anabwerera kwawo komweko.

Nchifukwa chake pa Misa ya tsikuli amawerenga Aefeso 3, pomwe akuti chinsinsi chomwe chinabisika kwa mibadwo yakale chaululidwa, kuti anthu a mitundu ina ndi olandira nawo cholowa, ziwalo za thupi lomwelo, ndi olandira nawo lonjezo mwa Khristu Yesu. Palibe zoti awa ndi eni ake awa ndi ongololedwa kukhala kumbuyo, cholowa nchimodzi.

Pali njira ziwiri zomwe anthu amaimvera molakwika nkhaniyi ndipo zonse zavulaza anthu. Yoyamba ndi yoti poti akunja analowa ndiye kuti Ayuda anatayidwa. Maganizo amenewa anadyetsa chidani pa Ayuda ku Ulaya kwa zaka mazanamazana, chonsecho mwana ali m'nyumbamo ndi Myuda, amayi ake Myuda, atumwi onse Ayuda. Paulo pa Aroma 11 akuti ife ndife nthambi za mtengo wakutchire zomezanitsidwa pa mtengo wa azitona, nde tisadzitame, si ife tikunyamula muzu, muzu ndi omwe ukutinyamula. Mpingo wa Katolika unanena poyera mu 1965, mu chikalata cha Nostra Aetate, kuti Ayuda asamaonetsedwe ngati okanidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu. Yachiwiri ndi yoti ife tikalowa titseke chitseko kumbuyo kwathu. Izi zachitika mobwerezabwereza. Ku South Africa, sinodi ya Dutch Reformed Church mu 1857 inalola kuti azungu ndi anthu akuda azipemphera ndi kudya Mgonero padera, akuti chifukwa cha kufooka kwa ena, ndipo kulola kumeneko kunakula mpaka kukhala mipingo yosiyana potengera khungu. Linali tebulo la ku Antiokeya lomwe lija. Ndipo sizofunika kuti zichite kulembedwa mu malamulo, paliponse pomwe munthu akulowa m'tchalitchi nkumva kuti pano ndi pa eni ake chifukwa cha mtundu wake, khungu lake, pasipoti yake kapena thumba lake, kampanda kaja kamangidwanso.

Wina afunsa kuti kodi chipulumutso cha mitundu yonse chikutanthauza kuti munthu aliyense apulumuka kaya akhulupirire kaya ayi? Chikondwererochi sichikunena zimenezo. Chikunena kuti palibe mtundu omwe watsekeredwa kunja, monga Chivumbulutso 7 chikuonetsera khamu losawerengeka lochokera ku fuko lililonse ndi chilankhulo chilichonse. Pa za anthu omwe sanamvepo Uthenga Wabwino mipingo imasiyana. Akatolika, mu chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, amaphunzitsa kuti munthu amene sanamudziwe Khristu popanda kulakwa kwake, koma akufunafuna Mulungu ndi mtima oona nkumatsata chikumbumtima chake, angathe kupulumuka, ndipo chipulumutsocho chimachokerabe kwa Khristu. Mipingo yambiri ya chievanjeliko imatsindika Machitidwe 4:12 ndi Aroma 10, kuti chikhulupiriro chimadza pakumva nde uthenga ukuyenera kufika kwa munthuyo. Mtsutsowu ndi wakale ndipo sutha lero, koma mbali zonse zimagwirizana kuti Mpulumutsi ndi mmodzi ndipo anabwerera onse, nchifukwa chake Epifania imayendera limodzi ndi nkhani ya utumwi.

Chodabwitsa china nchakuti si Akhristu onse amakumbukira amagi pa tsikuli. Chikondwererochi chinayambira kum'mawa. Clement wa ku Alexandria cha m'ma 200 analemba za kagulu kena ku Ejipito komwe kankakumbukira ubatizo wa Yesu pa masiku ofanana ndi 6 kapena 10 Januwale, ndipo pofika m'zaka za m'ma 300 mipingo yambiri ya kum'mawa inkakumbukira kubadwa kwa Yesu pa 6 Januwale, pomwe ku Roma 25 Disembala inali itakhazikika pofika 336. Kenako mbali ziwirizi zinabwerekana, kum'mawa anatenga Khrisimasi nkusiya 6 Januwale kukhala ya ubatizo mu Yordano, kumadzulo anatenga 6 Januwale nkuika patsogolo amagi, ndipo maulaliki a Papa Leo Wamkulu, amene anatsogolera kuyambira 440 mpaka 461, analimbitsa tanthauzo loti ili ndi tsiku la kuitanidwa kwa mitundu. Mpingo wa ku Armenia okha sunasinthe, mpaka lero kubadwa ndi ubatizo amazikumbukira limodzi pa 6 Januwale. Mapemphero akale a kumadzulo amatchula zinthu zitatu pa tsikuli, amagi, ubatizo ndi ukwati wa ku Kana, poti monsemo Yesu akuonekera kuti ndi ndani.

Kwa a Orthodox, omwe ndi mipingo yakale ya kum'mawa ija, tsikuli ndi la madzi. Wansembe amadalitsa madzi, anthu amatunga kupita nawo kunyumba, ku Greece amaponya mtanda m'nyanja anyamata nkudumphiramo kukautola. Omwe amatsata kalendala yakale ya Julian, ngati ku Russia ndi ku Serbia, tsikuli limawagwera pa 19 Januwale chifukwa makalendala awiriwa amasiyana masiku 13. Ku Ethiopia amati Timkat, ndipo ndi chimodzi mwa zikondwerero zazikulu kwambiri m'dzikomo. Madzulo a tsiku loyamba ansembe amatulutsa tabot, chifaniziro cha magome a Bokosi la Chipangano chomwe chimakhala m'tchalitchi chilichonse, atachikuta ndi nsalu zokongola nkuchisenza pamutu, maambulera amitundumitundu pamwamba, khamu la anthu ovala zoyera likuimba mpaka kumadzi komwe amachezera usiku onse, m'mawa madzi amadalitsidwa nkuwazidwa pa anthu. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika Timkat pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2019. Ku Spain ana amalandira mphatso pa 6 Januwale ndipo madzulo a pa 5 mafumu atatu amayenda m'misewu. Ku Germany ndi Austria ana amavala ngati mafumuwo nkumayenda khomo ndi khomo kuimba ndi kutolera ndalama zothandizira ana a m'maiko ena, nkulemba ndi choko pamwamba pa chitseko manambala a chaka ndi zilembo C, M ndi B, zomwe ena amati ndi maina aja, ena amati ndi pemphero la Chilatini loti Khristu adalitse nyumbayi.

Pali mwambo wina wakale omwe matchalitchi ena a Katolika akadausunga, pa Epifania akatha kuwerenga Uthenga Wabwino amalengeza deti ya Pasaka ya chaka chimenecho, pamodzi ndi Lachitatu la Phulusa, Kukwera Kumwamba ndi Pentekoste. Unayamba nthawi yomwe anthu analibe makalendala m'nyumba, ndipo kale bishopu wa ku Alexandria ndi amene ankatumiza makalata odziwitsa matchalitchi deti ya Pasaka nyengo ngati yomweyi. Epifania ikadutsa, kwa Akatolika chotsatira ndi chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye ndipo nyengo ya Khrisimasi imathera pamenepo, pomwe Alutherani ndi Aanglikani ambiri amawerenga ma Lamulungu otsatirawo ngati nyengo ya Epifania mpaka kuyandikira Lenti.